Kupolisha galimoto: makina kapena manja?

Loweruka m'mawa pamalo otsukira magalimoto mkangano uwu susowa. Bambo wina amakaniza kwamtuwagalu kuti galimoto yawo isayandikiridwe ndi makina, ati amadya penti. Mnyamata wotsuka amayankha kuti kupolisha ndi manja n'kungotopetsa mapewa, galimoto imawala masiku atatu kenako n'kubwerera mwakale. Aliyense mwa awiriwa ali ndi poimira. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene eni magalimoto amafunsa kawirikawiri, ndipo onse amazungulira pa chinthu chimodzi: penti wa galimoto ndi wopyapyala kwambiri, ndipo amene wachoka samera ngati tsitsi.

Kodi kupolisha n'kutani kwenikweni? Si kungopaka mankhwala owalitsa?

Apa ndi pamene ambiri amasokonezera. Pali zinthu ziwiri zosiyana zimene tonse timangoti polishi. Choyamba ndi wakisi, amene amakhala pamwamba pa penti ngati chofunda, kuteteza ku madzi, dzuwa ndi zitosi za mbalame. Wakisi wachilengedwe wotchuka, carnauba, amachokera ku masamba a mgwalangwa wina wa ku Brazil. Wakisi sachotsa chokandika chilichonse. Chachiwiri ndi polishi weniweni, amene mkati mwake muli tinjere tosaoneka ndi maso, ndipo ntchito yake ndi kupala. Mukamapolisha mukupala penti pang'onopang'ono kuti malo ozungulira chokandikacho atsike n'kufanana ndi pansi pake. Pamwamba pakasalala see, kuwala kumabwerera m'maso mwanu molunjika, ndipo ndi kumene timati kunyezimira.

Tsono onani kuchepa kwa chimene mukupalacho. Galimoto ya masiku ano ikamachoka kufakitale imakhala ndi penti wosanjikizana: pansi penipeni pali woteteza chitsulo ku dzimbiri, kenako pulayima, kenako penti wa mtundu umene mumauona, ndipo pamwamba pali penti woonekera mkati ngati galasi, amene Azungu amati clear coat, amisiri athu n'kumangoti kiliya. Zonsezi pamodzi nthawi zambiri zimakhala pakati pa mamaikiloni 100 ndi 150. Maikiloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Pepala la m'buku limene mumalembapo ndi pafupifupi mamaikiloni 100. Kiliya yekha amakhala mamaikiloni 35 mpaka 50, kutanthauza kuti sapitirira theka la pepala. Ndi mkati mwa kagawo kameneka mmene wopolisha aliyense amagwirira ntchito, kaya wanyamula makina kaya kansalu.

Timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude timene ndimaona padzuwa, timachokera kuti? Galimoto yanga sinagundepo kanthu.

Timachokera m'ndowa. Ndikunena izi motsimikiza chifukwa ndi bala limene timadzipatsa tokha mlungu uliwonse. Fumbi la m'misewu yathu, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ndi mchenga wosalala basi, ndipo mchenga ndi wolimba kuposa kiliya. Munthu akatenga nsanza youma n'kuyamba kupukuta galimoto yafumbi m'mawa, ndiye kuti akuikwecha ndi sandipepa. Chimodzimodzi ndowa imodzi ya madzi imene yatsuka matayala kenako n'kubwera pa boneti, kapena kansalu kamene kagwa pansi n'kungokakung'untha kamodzi. Sopo waufa wochapira zovala nayenso amasukulutsa wakisi yense n'kusiya penti pambalambanda.

Timizereto kwenikweni timapita mbali zonse, koma dzuwa likawomba timaoneka ngati tikuzungulira. Pa galimoto yoyera kapena yasiliva sitioneka msanga. Pa yakuda bii kapena yabuluu wodera timaonekera patali, n'chifukwa chake eni magalimoto akuda ndi amene amadandaula kwambiri.

Mukapolisha lero koma katsukidwe osasintha, pakatha miyezi iwiri mudzafunanso kupolisha, ndipo ulendo uliwonse kiliya akuchepa. Yambani ndi kuthira madzi ambiri kuti fumbi litsike lokha musanakhudze. Khalani ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo wa galimoto, ina ya madzi otsukuluzira siponji. Matayala akhale ndi nsalu yawoyawo. Tsukani kuyambira padenga kutsika m'munsi. Zimenezi zokha zimateteza penti kuposa botolo lililonse la polishi.

Ndiye manja angathe chiyani?

Angathe zambiri ndithu, bola mudziwe malire ake. Kupaka wakisi ndi ntchito ya manja, sipafunika makina ayi. Penti amene wangotuwa pang'ono, madontho a madzi a pamjigo amene sanalowerere, kachizindikiro kamene kasiyidwa ndi penti wa galimoto ina itakukhudzani pamalo oimikira, zonsezi kansalu ka microfibre ndi polishi wofewa zimachotsa. Ndipo pali malo amene makina aakulu safika: kuseri kwa chogwirira chitseko kumene zikhadabo zimakanda tsiku ndi tsiku, m'mbali mwa zilembo za dzina la galimoto, m'makona a bampala, pa timizati ta pakati pa magalasi. Ngakhale katswiri wokhala ndi makina odula amamalizitsa malo amenewa ndi chala.

Vuto la manja ndi lakuti amatopa, ndipo satopa mofanana. Chitseko choyamba mumachikwecha ndi mphamvu zonse, pofika chachinayi mukungosisita. Zala nazo sizikanikiza mofanana: pansi pa nsonga za zala pamapalika kwambiri kuposa pakati pake, ndiye pa penti wofewa pamatsala timizere ta zala. Komanso tinjere ta m'mapolishi ambiri timafunika kupekesedwa nthawi yaitali kuti tiphwanyike n'kusiya posalala, chinthu chimene dzanja limalephera pa galimoto yonse.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Mapolishi ambiri ogulitsidwa kuti muzipaka ndi manja amakhala ndi mafuta ndi zina zodzaza m'mizere. Mukamaliza galimoto imawala waliwali, inu n'kuganiza kuti zokandika zatha, pamene zangokwiriridwa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: mukatsuka kawiri katatu zonse zimabwerera poyera. Kukwirira koteroko si tchimo, ndipo pa galimoto imene kiliya wake watsala pang'ono ndi nzeru yabwino kuposa kupala. Chofunika n'chakuti mudziwe chimene mwalipirira.

Makina opolishira ndi amodzi kapena alipo amitundumitundu?

Mitundu ikuluikulu ndi iwiri, ndipo kusiyana kwake ndi kumene kumayankha mkangano wonse uja.

Oyamba ndi a rotary. Amenewa amangozungulira pamalo amodzi ngati mwala wa chigayo, kuyambira maulendo 600 mpaka cha m'ma 3,000 pa mphindi. Ndi amene mumawapeza kwa opopera penti, ndipo a Makita ndi ena mwa odziwika kwambiri. Amapala msanga, amachotsa mizere ya sandipepa penti akangopoperedwa, ndipo m'manja mwa munthu wozolowera amagwira ntchito yokongola. Koma popeza siponji ikupekesa njira imodzimodziyo, pamatentha mofulumira. Wosazolowera amasiyanso mizere ina yooneka ngati utawaleza wovinavina galimoto ikaima padzuwa.

Achiwiri ndi a dual action, amene ambiri amangoti DA. Siponji yake imazungulira, koma nthawi yomweyo ikugwedezeka mozungulira kagawo kakang'ono, monga mmene dzanja limachitira popukuta, kungoti maulendo masauzande pa mphindi. Kugwedezekako pa makina wamba kumakhala mamilimita 8. Kampani ya Rupes ya ku Italy inatchukitsa ena otchedwa BigFoot, ogwedezeka mamilimita 15 ndi 21, amene amamaliza malo aakulu msanga. Ubwino wa DA wamba ndi wakuti mukakanikiza mopyola muyeso kapena mukawapendeketsa, siponji imasiya kuzungulira n'kumangonjenjemera. Ndiye kuti makinawo amakana okha kuwononga. Alipo ena, monga a Flex XC 3401 a ku Germany, amene magiya ake amakakamiza siponji kuzungulirabe; amenewo ali pakatikati, amafuna dzanja lozolowerako.

Choncho bambo aja akamati makina amadya penti, akunena za rotary m'manja olakwika. Mnyamata uja akamati makina ndiwo amachotsadi mizere, akunenanso zoona.

Ndili ndi galayinda kunyumba. Nditangoikako siponji sizingatheke?

Ayi, chonde musayese. Galayinda yaing'ono yodulira zitsulo imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi, ndipo zambiri zilibe pochepetsera liwiro. Wopolisha ndi rotary nthawi zambiri sapitirira 1,800. Ndinaonapo boneti ya galimoto yofiira imene inachitidwa zimenezi pamalo ena otsukira: m'kanthawi kochepa pamzere wa pakati panatuluka chigamba chotuwa mbuu, pulayima ali poyera. Mwini wake anangogwira pakamwa. Mankhwala ake anali amodzi okha, kupoperanso boneti yonse, ndipo mtundu wake sunafanane ndi zitseko. Siponji nayonso ikhoza kung'ambika pa liwiro limenelo n'kukuvulazani kumaso.

Kuwotcha penti kumachitika bwanji, ndipo kumakonda pati?

Kupekesa kumabala kutentha. Kiliya akatentha amafewa, siponji n'kumukokolola. Malo oopsa ndi m'mphepete mwa zitseko ndi boneti, ndi pamizere yotukuka ya thupi la galimoto, chifukwa penti amakhala wopyapyala pamenepo kuyambira kufakitale, komanso kulemera konse kwa makina kumagwera pa kamalo kakang'ono. Mabampala apulasitiki nawo ndi osachedwa kupsa, chifukwa pulasitiki samwaza kutentha ngati chitsulo. Kupolisha padzuwa la mu Okutobala, boneti ili yotentha yosagwirika, n'kuyamba ntchito penti atafewa kale, ndipo polishi amaumira pomwepo asanagwire ntchito.

Pali ngozi ina yosaoneka tsiku lomwelo. Mu kiliya ndi mmene muli mankhwala otchinga cheza cha dzuwa chowononga penti. Mukamupala kwambiri, ngakhale osaboola, wotsalayo amalephera kupirira, ndipo pakapita nthawi amayamba kutuwa ndi kusupuka. Kuno kwathu, kumene magalimoto ambiri amakhala padzuwa tsiku lonse, zimenezi sizichedwa.

Ndingadziwe bwanji ngati chokandika chingachoke ndi polishi?

Yendetsani chikhadabo modutsa mzerewo. Chikadutsa osakodwa, polishi akhoza kuuchotsa kapena kuuchepetsa kwambiri. Chikakodwa, mzerewo ndi wakuya, ndipo kuti muufafanize mungafunike kupala kiliya wambiri kuposa amene mungakwanitse kutaya. Njira ina ndi kuthirapo madzi: mzere ukasowa ponyowa, uli mu kiliya mokha. Mukaona zotuwa, zoyera kapena chitsulo pansi pake, imeneyo ndi ntchito ya penti, ndipo musachedwe dzimbiri lisanalowe.

Nanga zija zimaoneka padenga ndi pa boneti za magalimoto ambiri obwera kuchokera ku Japan akakhala zaka zingapo kuno, zigamba zoyera zosupuka ngati khungu la njoka? Ameneyo ndi kiliya wakufa. Palibe makina kapena dzanja limene lingamuukitse. Wina akakuuzani kuti apolisha n'kutha, sungani ndalama zanu mukapoperetse.

Kumbukiraninso kuti galimoto yogula yogwiritsidwa kale ntchito simudziwa mbiri yake. Mwina inapolishidwa kangapo isanakwere sitima, mwina chitseko china chinapoperedwanso. Akatswiri amakhala ndi kachipangizo koyezera kuchindikala kwa penti. Kakawerenga mamaikiloni 120 pa chitseko china ndi 300 pa chinzake, ndiye kuti chachiwiricho chinapoperedwanso. Kakawerenga 70 kapena 80, pamenepo m'pofunika kupepuza dzanja kwambiri.

Ndikupolisha, nsalu yatuluka ndi mtundu wa galimoto. Ndaononga?

Zimadalira. Magalimoto akale ambiri, ndi ena oyera ogwira ntchito monga maminibasi ndi mapikiapu, ali ndi penti wopanda kiliya pamwamba. Pa amenewa n'zachibadwa kuti nsalu itenge mtundu, ndipo penti wotere akatuwa amabwerera bwino kwambiri, ngakhale ndi manja. Yesani pamalo obisika kaye. Ngati galimoto yonse ikutulutsa mtundu, mulibe kiliya. Koma ngati kwina konse nsalu imatuluka yoyera kenako pamalo amodzi yatenga mtundu, imani pomwepo, mwaboola.

Galimoto ya penti wosawala mwadala, amene amati matte, isapolishidwe m'pang'ono pomwe. Pamene mwapolisha pamawala, ndipo sipabwereranso.

Ndagula DA. Ndiyambire pati?

Ngati mungathe, yambirani pa boneti kapena chitseko chakutha chogula kwa ophwasula magalimoto. Pamenepo mukhoza kulakwitsa mwaufulu, ngakhale kuboola dala kuti muone mmene zimayambira.

Pa galimoto yeniyeni, ntchito yaikulu ili musanayatse makina. Tsukani bwinobwino. Chotsani phula la mumsewu ndi utomoni wa mitengo ndi mankhwala ake. Kenako yendetsani dzanja pa penti: mukamva tokhakhala, pafunika clay, kanthu kofewa ngati dongo kamene mumatsetsereza pa penti wonyowa kuti kazule tinyenyeswa tomatirira. Mukadumpha zimenezi, kanjere kamodzi kokodwa mu siponji kadzalemba galimoto yonse. Matani tepi pa mapulasitiki akuda, pa malabala ndi m'mphepete mwakuthwa. Imikani galimoto pamthunzi, chitsulo chikhale chozizira.

Lamulo la amisiri ndi lakuti yambani ndi chofewa. Sankhani kamalo ka masentimita 50 mbali zonse, yesani siponji yofewa ndi polishi wofewa. Zikatheka, palibe chifukwa chotengera kompaundi, amene ndi polishi wokhakhala, kapena chopolishira chaubweya. Zikakanika, kwerani sitepe imodzi yokha. Magalimoto ambiri a ku Japan ali ndi penti wofewerapo poyerekeza ndi a ku Germany, choncho amamvera msanga.

Donthezani madontho anayi kapena asanu pa siponji, igunditseni pa penti kaye musanayatse, apo ayi polishi amwazikira pa malaya ndi pagalasi. Siponji igone yonse, osapendekeka. Yendani pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu pa sekondi, kupita ndi kubwera, kenako kukwera ndi kutsika, mzere uliwonse ukuphimba theka la unzake. Oyamba kumene ambiri amathamanga ngati akusita malaya mochedwa, ndiye amadabwa kuti palibe chasintha. Lembani kamzere ndi cholembera kumbuyo kwa mbale yogwira siponji kuti muziona ngati ikuzungulirabe. Chingwe cha magetsi chikolekeni paphewa chisakwekwereze pa penti. Mukamaliza kamaloko pukutani, walitsani tochi, muone ndi maso anu. Kupukuta ndi spiriti ya isopropyl yosungunula ndi madzi kumachotsa mafuta a polishi n'kukuonetsani zoona zake. Siponji muziitsuka pafupipafupi, chifukwa ikadzaza ndi penti wopalidwa imayamba kukanda.

Pomaliza tetezani. Penti wongopolishidwa kumene alibe chofunda chilichonse. Wakisi amakhala milungu ingapo mpaka miyezi iwiri kapena itatu. Mankhwala a ceramic opakidwa bwino amatha chaka kapena kupitirira, koma amatsekera pansi chilichonse chimene mwasiya, ndiye amafuna kuti kupolisha kukhale kwathunthu. Ngati mbali ina yangopoperedwa kumene, dikirani mwezi wathunthu kapena monga wanenera wopopera musanaikepo wakisi.

Pogula makina ndiyang'ane chiyani?

Choyamba magetsi. Ku Malawi timagwiritsa ntchito mavoti 230, pamene makina opangidwira msika wa ku America ndi a 120 ndipo a ku Japan ndi a 100. Mukawalumikiza mwachindunji amapsa. Onani kuti ali ndi pochepetsera liwiro, komanso kuti masiponji a saizi yake mudzawapeza akatha. Kwa woyamba, mbale ya mamilimita 125 ndi yosavuta kuiwongolera. A batire amathandiza magetsi akazima, koma galimoto yonse imafuna mabatire awiri. Ndipo musagwire makina amagetsi mutaima m'madzi amene mwatsukira galimoto.

Ndizipolisha kangati pachaka?

Mocheperapo mmene mungathere. Kupala kwamphamvu ndi kompaundi ndi chinthu chochitika kangapo kokha pa moyo wonse wa galimoto. Polishi wofewa kamodzi pachaka ndi wokwanira, ndipo ngati mukutsuka bwino mwina simungamufune n'komwe chaka chimenecho. Wakisi yekha ndiye mungapake kawirikawiri mmene mukufunira, popeza sapala kanthu. Zimandimvetsa chisoni kuona munthu wokonda galimoto yake akulipira kompaundi mwezi ndi mwezi poganiza kuti akuisamalira.

Tsono tinene chimodzi: makina kapena manja?

Ngati galimoto yonse yadzaza timizere ndipo mukufuna tichokedi, yankho ndi makina a DA. Amagwira ntchito mofanana kuyambira boneti mpaka kumbuyo, ndipo m'manja mwa munthu wodekha ndi ofatsa pa penti kuposa dzanja lokwecha ndi kompaundi mwaukali. Ngati penti wanu ali bwino ndipo mukungofuna kuwala ndi chitetezo, kapena kiliya watsala wochepa, manja ndi wakisi akukwanirani. Rotary isiyireni amene anaiphunzira pa mabodi ambiri akutha.

Ngati mukupereka galimoto kwa wina, musachite manyazi kufunsa. Makina anu ndi amtundu wanji? Muyamba ndi polishi uti? Mumata tepi m'mphepete? Mupempheni ayese kaye kamalo kamodzi, apukute bwinobwino, mukaone limodzi padzuwa. Mmisiri wodziwa ntchito yake amakondwera ndi mafunso otere. Amene wakwiya nawo, kapena watulutsa galayinda, musamusiyire makiyi.